Antchito Obisika a m'Munda wa Safironi

M'chigawo cha Khorasan ku Iran, komanso ku Pampore m'dera la Kashmir, alimi amalawirira m'bandakucha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kukathyola maluwa a safironi dzuwa lisanatenthe. Duwa lililonse lili ndi timaulusi titatu tofiira, timene tikauma timasanduka chokometsera chakudya chodula kuposa zonse padziko lapansi. Kuti kilogalamu imodzi ikwane, pamafunika maluwa pafupifupi 150,000.

Chomerachi sichibala njere. Mlimi amabzala mitu yake, yooneka ngati ya anyezi, ndipo mutu uliwonse umabereka ana pansi pa nthaka. Motero mutu ukawola, zokolola za chaka chino ndi mbewu ya chaka chamawa zimatayika pamodzi. Ku Kashmir, matenda owoletsa mitu, amene kawirikawiri amadza ndi fangasi wotchedwa Fusarium oxysporum, asautsa alimi kwambiri.

Akatswiri a ku University of Jammu ku India anafufuza dothi lomatirira ku mizu ndi ku mitu ya safironi, napezamo mabakiteriya othandiza a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas. Tizamoyo timeneti timadya shuga wotuluka m'mizu, ndipo timabweza zabwino. Tina timasungunula fosiforasi womangika m'dothi kuti mizu imumwe. Tina timatulutsa michere yochulukitsa mizu. Tina timalanda ayironi amene fangasi amamufuna, kapena kutulutsa mankhwala omufooketsa. Komabe sitingapulumutse mitu yobzalidwa m'dothi lodikha madzi, pakuti m'chinyezi chotero fangasi ndiye amapambana.

Safironi amafuna dzinja lozizira ndi chilimwe chouma, ndipo si mbewu ya m'minda yathu. Koma ubale wa muzu ndi mabakiteriya mumaudziwa kale. Zulani soya kapena nsawa yokula bwino, mudule kamodzi mwa timibulu ta ku mizu: mukapeza kufiirira mkati, ndiye kuti mabakiteriya akukoka nayitrojeni wa mumpweya kudyetsa mbewu yanu.

Antchito amenewa ndi amoyo, ndipo amafa akazunzidwa. Inokulanti wa soya musungeni pozizira, musakanize ndi mbewu pamthunzi, ndipo mubzale tsiku lomwelo. Mapesi musawatenthe, koma muwasiye aphimbe nthaka. Thirani manyowa owola bwino, ndipo muzisinthanitsa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, kuti tizamoyoti tipeze chakudya chaka ndi chaka.