Makina osokera zikopa: funsani nambala musanafunse mtengo

Funso: Makina akale a telala ndi achitsulo, olemera ndithu. N'chifukwa chiyani amagonja pa chikopa?

Yankho: Kulemera kwa chitsulo kwapusitsa ogula ambiri. Chimene chimasiyanitsa makina a zikopa ndi a nsalu ndi kakokedwe kake. Pa makina a telala, mano apansi okha ndi amene amakoka, phazi likungopanikiza. Chikopa chimamatirira kuphazi, cham'munsi n'kutsogola, cham'mwamba n'kutsalira, ndipo msoko umatuluka wothithikana pena, wotalikirana pena. Pa makina monga Singer 111W155, Juki LU-563 ndi Consew 206RB, singano, phazi lamkati ndi mano zimayendera limodzi, kenaka phazi lakunja limagwira chikopa pamene zinazo zikubwerera. Amenewa amasoka bwino zikwama ndi mipando ya galimoto, koma chikopa chikayandikira sentimita imodzi amafika pamapeto. Singer 29K, imene osoka nsapato amaikonda, ili ndi mkono wowonda wolowa mkati mwa nsapato ndi phazi lotembenukira mbali iliyonse, koma bobini yake ndi yaing'ono ndipo ntchito yake ndi ya zigamba. Zingwe za akavalo ndi malamba okhuthala pafupifupi masentimita 2 zimafuna Juki TSC-441 kapena Adler 205. Wogulitsa akamati makina ndi amphamvu sananene kanthu. Nambala yolembedwa pakachitsulo ka kutsogolo ndi imene imanena ntchito imene makinawo anapangidwira.

Funso: Koma kwa munthu wa ndalama zochepa, mtengo si ndiwo woyamba?

Yankho: Ndikuumva mtima wa funsoli, koma mtengo weniweni wa makina akale umadziwika tsiku limene kachitsulo kamodzi kathyoka. Fakitale ya Singer ya ku Clydebank ku Scotland, kumene kunkachokera makina onse a chilembo K, inatsekedwa mu 1980. Komabe masipeya a 29K ndi 111W akupangidwabe, chifukwa mafakitale a ku Japan, kenaka a ku China, anatengera kapangidwe kake. Mapazi a Singer 111W amalowa pa Juki LU-563 ndi pa Consew 206RB. Makina ambiri atsopano osokera zokhuthala, ngakhale ali ndi mayina osiyanasiyana, ndi otengera Juki TSC-441, ndipo masipeya awo ambiri amabwerekana. Choncho wogula makina akugulanso banja lake. Makina a m'banja lalikulu, ngakhale akwere mtengo, adzapezerabe masipeya ku Johannesburg kapena pa intaneti zaka zikubwerazi. Makina osowa abale, amene palibe fakitale inawatengera, kambedza kake kokola ulusi kakangotha, mwini amatsala ndi chitsulo chogulitsa pa sikelo. Ndipo nambala iwerengedwe yonse: 29K71 ili ndi mkono waufupi ndi bobini yaing'ono, 29K72 mkono wautali ndi bobini yokulirapo. Woitanitsa bobini ya 29K basi akhoza kulandira yosalowa. Buku la masipeya la makina aliwonse limapatsa kachitsulo kalikonse nambala yakeyake, ndipo kuitanitsa ndi nambala imeneyo kumaposa kutumiza chithunzi pa WhatsApp.

Funso: Ena amati masipeya otengera ndi osalimba, ndipo amisiri athu akhoza kusula kachitsulo kalikonse. Akulakwa?

Yankho: Sakulakwa pa zonse. Mabobini, mapazi, malamba ndi timasipuling'i totengera zimagwira ntchito, ndipo mmisiri waluso akhoza kuwotcherera chopondera kapena kusula zitsulo zina. Malire ali pa zitsulo zokumana ndi singano. Pakati pa nsonga ya kambedza ndi singano pamayenera kutsala mpata wosaposa 0.1 milimita, wochepa ngati pepala, ndipo kambedza kosasalala kamakhadzula ulusi. Apa ndi pamene ndalama ziyenera kupita, pamodzi ndi pa singano za makampani odziwika monga Schmetz, Groz-Beckert ndi Organ. Chenjezo lina ndi la masikuluu. Singer inkadula mazinga akeake, osiyana ndi a mabawuti ogulitsidwa m'masitolo a zomangira. Kukakamiza bawuti wamba kumawononga bowo la m'thupi la makina, ndipo thupi lilibe sipeya.

Funso: Makina afika. Kuwakhazikitsa kuyambire pati?

Yankho: Pa singano, ndipo nayonso imatsata nambala ya makina. Banja la 111W limalandira 135x17 ya nsonga yozungulira, yosokera nsalu ndi matenti, kapena 135x16 ya nsonga yocheka, yosokera chikopa. Pa 29K pamalowa 29x3 kapena 29x4, pa 441 pamalowa 794. Mabanja ena a singano amasiyana utali, ndipo singano yaifupi kapena yaitali pang'ono imaphonyana ndi kambedza. Kukula kwa singano kumatsata ulusi: ulusi wa nayiloni wa nambala 40 umayenda ndi singano ya 110, wa nambala 20, umene uli wonenepa, umafuna 140 kapena 160. Poilowetsa, mbali yokumbika ya pamwamba pa diso iyang'ane kumene kuli kambedza. Kenaka pukusani gudumu ndi dzanja, mukumvetsera ngati chitsulo chikukhudza chinzake, musanayatse magetsi. Mafuta akhale oyera a makina osokera. Ophikira amauma n'kumata zitsulo. Chotsatira ndi liwiro. Mota yakale ya kilachi imazungulira ka 1,425 kapena ka 2,850 pa mphindi, liwiro loyenera fakitale ya malaya, pamene chikopa sichikhululuka, chifukwa bowo lolakwika silitsekeka. Mota ya servo imatha kuyenda pang'onopang'ono ndipo imadya magetsi kwenikweni pamene ikusoka. Gudumu laling'ono pa mota, kapena chochepetsa liwiro katatu, zimawonjezeranso mphamvu yobowolera. Woitanitsa ku America akumbukire kuti mota zambiri za kumeneko ndi za mavoti 110, pamene magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a 230.

Funso: Nanga makina akamadumpha misoko, si ndiye kuti kambedza kasokonekera nthawi?

Yankho: Nthawi zina inde, koma kumasula kambedza kukhale komalizira. Singano yopindika, yolowetsedwa chotembenuza kapena ya banja lina imadumphitsa misoko chimodzimodzi, ndipo phazi lopanikiza mofooka limalola chikopa kukwera ndi singano, ulusi osapanga khwekhwe loti kambedza kakole. Mfundo zikamaonekera pansi, ulusi wapamwamba ndi wolefuka kapena singano yachepa. Zikamaonekera pamwamba, wakungika kwambiri. Zonsezi zikayesedwa vuto n'kukhalapobe, tsegulani buku la makina anuwo. Pa banja la 111W, nsonga ya kambedza imafika pakati pa singano pamene singanoyo yakwera pafupifupi mamilimita 2 kuchokera pansi penipeni, n'kudutsa pamwamba pang'ono pa diso. Muyeso wa 441 kapena wa 29K ndi wina, ndipo uli m'buku la nambala yake.