Kukhalitsa pa geni: kodi zolowa zimachepadi?

Pa Ndunde munthu akafuna kuthetsa mkangano wa malonda amangotchula zaka: "Ine geni iyi ndinayamba inu musanabadwe." Ineyo ndimalemba mabuku a gulu lathu la banki mkhonde, ndipo wobwera kudzatenga ngongole ya mpamba ndimamufunsa kuti, kodi lita imodzi ya mkaka, kapena beseni limodzi la mandasi, limakudyerani zingati kuti lifike pogulitsa? Ambiri, ngakhale okhalitsawo, amandiuza ndalama zimene apeza. Zimene alowetsa sazidziwa.

Zakuti kuzolowera ntchito kumachepetsa zolowa si nthano ayi. Mu 1936 katswiri wa ku America, Theodore Wright, anaona kuti m'mafakitale opanga ndege, chiwerengero cha ndege zopangidwa chikawirikiza kawiri, ntchito yofunika pa ndege imodzi inkatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Koma taonani bwino: iye ankawerenga ndege zopangidwa, osati zaka za fakitale.

Kuno ku Chiradzulu nkhaniyi imaonekera bwino pa ng'ombe za mkaka, poti boma lathu lili m'dera la bungwe la alimi a mkaka la SHMPA. Mlimi watsopano amaluza m'njira zimene sazizindikira n'komwe. Ng'ombe ikafuna yaimuna iye osaona zizindikiro, ayenera kudikira masiku ena pafupifupi 21, uku ikudyabe. Akachedwa kunyamuka m'mawa kapena akatsuka chigubu mwaulesi, mkaka umakakanidwa kumalo osonkhanitsira chifukwa wayamba kusasa. Matenda a mawere amawadziwa bere litatupa kale, nkhupakupa amaziona ng'ombe itafooka.

Mnzake wokhalitsa amagula madeya nthawi yokolola pamene zigayo zadzaza, n'kuwayanika bwino kuti asachite nkhungu. Nsenjere anadzala m'malire mwa munda, mapesi ndi makoko a nandolo amasunga poyembekezera Okutobala. Ndowe zimapita kumunda, feteleza wogula n'kuchepa. Palibe chimene wagula motchipa chifukwa cha imvi zake. Chimene wachepetsa n'zotayika, ndipo pa geni yaing'ono phindu lambiri limabisala pomwepo.

Komabe pali malire, ndipo apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi akuluakulu anzanga. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala a ziweto, mafuta ophikira, ufa wa tirigu ndi mayendedwe opita ku Limbe zinakwera kwa aliyense, woyamba dzulo ndi wokhalitsa yemwe. Mu 2017, dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa kumeneko, mtengo unagwa kwambiri kuno kummwera. Mlimi wodziwa kulima nandolo bwino kuposa anzake ndiye anatsala ndi matumba ambiri osowa msika. Luso lake linachepetsa zolowa, koma phindu silinabwere, chifukwa mtengo unagamulidwa kutali.

Chinanso chimandipweteka mtima. Zaka zimabweretsa chizolowezi, ndipo chizolowezi china chimadya mpamba mwakachetechete. Munthu amasunga ng'ombe yokalamba yotulutsa mkaka wochepa chifukwa ndi imene anayambira. Amapikulabe katundu kwa munthu yemweyo osafunsako mitengo kwina. Mayi amene amamweta udzu tsiku lonse, ndi mwana amene amanyamula chigubu asanapite kusukulu, thukuta lawo silimalowa m'masamu, ndiye geni imaoneka yopindula pamene banja likungogwira ulere.

Nanga munthu angadziwe bwanji ngati zaka zake zikumuthandiza? Kuwerenga makwacha okha kumanamiza, poti mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi. Werengani zinthu zenizenizo. Pa malita 10 a mkaka mwalowetsa mabeseni angati a madeya? Mwezi uno mkaka wakanidwa kangati? Thumba limodzi la ufa latulutsa mandasi angati, nanga otsala osagulidwa ndi angati? Malita a mafuta athera angati? Mukalemba zimenezi chaka chino ndi chaka chamawa, kusiyana kwake ndiko kukuuzeni zoona. Zolowa pa lita imodzi zikamatsika, ndiye kuti mukuphunzira. Zikangokhala pomwepo, ndiye kuti mukubwereza chaka choyamba chija.

Kwa anzanga a magulu a banki mkhonde, pempho langa ndi ili: pobwereketsa mpamba tisamangofunsa kuti munthu wakhala zaka zingati pa geni. Tizimupempha abwere ndi kope lolembamo zolowa ndi zotuluka za miyezi itatu yapitayo, ndipo amene satha kulemba timuthandize kulemba.