Kalavani kapena tenti: yesani pa msewu wa kwa Jenala

Pamasamba a mchezo monga Facebook masiku ano sipasowa zithunzi za timakalavani tokokedwa ndi galimoto, tokhala ndi bedi, malo ophikira ndi thanki ya madzi m'kati mwake. Zambiri mwa zithunzizi zimachokera ku South Africa, komwe makampani monga Jurgens, Conqueror ndi Bush Lapa amapanga ngolo zogonamozi. Munthu wa mu Blantyre kapena Lilongwe amene amakonda kukapitidwa mphepo kunyanja ndi kumapiri akaziona, funso limabwera lokha: kodi n'koyenera kusiya tenti n'kugula kalavani?

Yankho lagona pa komwe munthu akupita komanso masiku omwe amagona kunja pa chaka. Dera la Mfumu Yaikulu Jenala m'boma la Phalombe ndi malo abwino oyesera nkhaniyi. Lili m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo tsiku lopanda nkhungu mapiri a Mulanje ndi Michesi amaonekera chakummwera. Zinthu ziwiri zomwe zimakopa alendo m'bomali, nyanja ndi phiri, zonse zili pafupi.

Msewu wa phula wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale unapeputsa ulendo wofika m'bomali, ndipo pa phulapo kalavani imayenda bwinobwino. Vuto limayamba munthu akapatuka kulowera kumidzi ndi kumadooko. Mbali yaikulu ya chigwachi ndi dothi la makande, lomwe m'chilimwe limauma n'kung'ambika, koma mvula ikagwa limasanduka matope omata ngati ulimbo. Galimoto yokha ikatitimira, anyamata a m'mudzi amaikankha n'kutuluka. Ikakhala kuti ikukoka ngolo, pamafunika kuyamba mwamasula ngoloyo, kutulutsa galimoto, kenako n'kuganizira momwe mungatulutsire ngolo yomwe ilibe injini. Kubwerera m'mbuyo ndi ngolo pa kanjira kodutsa pakati pa minda ya mpunga ndi luso lomwe madalaivala ambiri a m'tauni sanaphunzirepo.

Nayo nyanja ya Chilwa siikhala malo amodzi. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo gombe lake limasuntha malinga ndi mvula ya chakacho. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso. Pamalo pomwe galimoto inaima chaka chatha, chaka chino pakhoza kukhala mabango ndi madzi. Wofuna kuona mbalame za m'madzi, zomwe zinachititsa kuti nyanjayi ikhale yoyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa mgwirizano wa Ramsar, amamaliza ulendo wake pa njinga yamoto ya kabaza kapena m'bwato. Tenti imakwera zonsezi. Asodzi a matemba ndi milamba anaidziwa kale nkhaniyi, n'chifukwa chake ena amagona m'zimbowera, tizisakasa tomangidwa pamadzi pomwepo.

Kuphiri ndiye nkhani imatha msanga. Wokwera Mulanje kuchokera mbali ya Phalombe amasiya galimoto pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pomwe atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Kuchokera apo ndi miyendo basi, maola angapo kukafika pa nyumba yogona alendo ya Sombani. Nyumba zoterezi zilipo zingapo pamwamba pa phirili, monga Chinzama, Thuchila, Chambe ndi Lichenya, komanso Chisepo, pomwe ambiri amagona asanakwere nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Kalavani ya mtengo uliwonse imatsala pansi, mwini wake n'kukagona m'nyumba yamatabwa limodzi ndi mwana wasukulu amene wangonyamula bulangete.

Tsono tibwere ku ndalama. Mtengo womwe munthu amauona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Kalavani yogulidwa ku Johannesburg iyenera kulipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngoloyo iyenera kuyenda kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Mwanza, pomwe bungwe lotolera misonkho la MRA likuiyembekeza. Ikalowa m'dziko imalembetsedwa ku nthambi yoona za pamsewu ngati galimoto ina iliyonse, n'kukhala ndi nambala yakeyake. Laisensi ya khodi B, yomwe eni galimoto zing'onozing'ono ambiri ali nayo, imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Makalavani olimba opangidwira misewu yafumbi amaposa pamenepo, choncho mwini wake afunikanso laisensi ya EB.

Palinso funso lomwe ogulitsa safulumira kufunsa: mukokera chiyani? Galimoto zambiri m'mizinda yathu ndi zakale zochokera ku Japan, monga Vitz, Passo, Sienta ndi Mira. Zimabwera zopanda chitsulo chokolekapo ngolo, injini zake ndi zazing'ono (ya Mira ndi ya 660cc yokha), ndipo magiya ake sanapangidwire kukoka katundu wolemera pa chitunda. Wogula kalavani amapezeka kuti akufunanso galimoto ina yamphamvu monga Hilux kapena Prado. Kukoka kumamwetsanso mafuta ambiri, m'dziko lomwe anthu akhala akugona pamizere ya petulo ndi dizilo. Ulendo ukatha, kalavani imafuna mpanda woisungamo chaka chonse, matayala ake akuuma ndi dzuwa. Amene akukhala nyumba ya lendi ku Chilomoni kapena ku Area 25 adziwa yekha ngati pabwalo pali malo otero. Tenti imapindidwa n'kulowa pansi pa bedi.

Njira yachidule yoyezera ndi kuwerenga masiku. Tiyerekeze kuti banja limagona kunja usiku 6 pa chaka, pa Isitala ndi pa Khirisimasi. M'zaka zisanu ndi usiku 30 wokha. Phatikizani mtengo wa kalavani, msonkho, inshulansi ndi zokonzetsera, mugawe ndi 30, kenako muyerekeze ndi mtengo wa chipinda pamalo ogona alendo ku Mangochi kapena ku Likhubula. Mabanja ambiri aona kuti usiku umodzi m'kalavani yawoyawo ukuwadyera ndalama zoposa chipinda cha hotela.

Izi sizikutanthauza kuti tenti ilibe zofooka, ndipo palibe amene akuzidziwa bwino kuposa anthu a ku Phalombe. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba, milatho ndi misewu mu Malichi 2023, mabanja ambiri anakhala m'misasa kwa milungu ndi miyezi, ena m'makalasi, ena m'matenti operekedwa kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi mabungwe othandiza. Tenti imatentha ngati ng'anjo masana a Okutobala, imazizira usiku wa Juni pamene chiperoni chatsika m'phiri, ndipo nsalu yake imafooka ikakhalitsa padzuwa. Ilibenso chitseko chokiya. Usiku uwiri munthu amapirira n'kumaseka nazo. Miyezi iwiri ndi nkhani ina.

Apa ndi pomwe kalavani imabweza ndalama zake. Makontilakitala a misewu, okumba mijigo ndi ochita kafukufuku amene amakhala pamalo amodzi kwa nthawi yaitali amapindula ndi chipinda chokwera pamwamba pa matope, chotsekeka, chosunga zipangizo. Imathandizanso achikulire amene msana suwalola kugona pansi, komanso amene amayenda kawirikawiri m'misewu yabwino kupita kumalo okonzedwa kale monga Senga Bay, kapena kumalo osungirako nyama a Liwonde ndi Majete. Amene akungofuna kugona patali ndi nthaka, popanda kukoka kanthu, akhoza kuganizira tenti yomangirira padenga la galimoto, ngakhale nayo imafuna galimoto ya denga lolimba.

Kwa ena tonsefe, ndalama ipite pa tenti yabwino osati yotchipitsitsa. Ikhale ya nsalu ziwiri, yakunja yotchinga mvula yofika mpaka pansi, ndipo pansi pake pakhale posokedwa limodzi ndi makoma kuti madzi, linthumbwi ndi zinkhanira zisalowe. Pa chikwama chake amalembapo nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu ya nsaluyo pokana madzi. Pa mvula ya kuno, 3,000mm ndi poyambira pabwino. Neti ya pakhomo ndi m'mawindo ikhale yosabooka, chifukwa udzudzu wa ku Chilwa suchita manyazi ndi mlendo. Mukabwerako, iyanikeni iume kaye musanaipinde, apo ayi idzachita chuku.

Pokhoma tentiyo kumudzi, yambani mwaonekera kwa nyakwawa, ndipo iwo ndiwo angakulozereni malo. Musakhome m'mphepete mwa mtsinje kapena m'khwawa nyengo ya dzinja, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera. Mvula ikhoza kugwa m'phiri usiku inu osaimva, madzi n'kukupezani m'tulo. Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi mitengo n'kupha anthu mazanamazana pa Phalombe, anadzera m'makhwawa omwewo.