Chifukwa Chake Malo Oimika Galimoto Amatsekedwa Pokonza Msewu

Msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka ku Mangochi, umaoloka mtsinje wa Domasi m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa. Pamsewu umenewu pamayenda ophunzira a ku Domasi College of Education, alimi a mpunga a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndiponso alendo okaona nkhalango ya paphiri la Zomba kapena nyama za ku Liwonde. Onseŵa amafuna poima. Tsono ntchito yokonza msewu ikayamba, ndipo malo oimika galimoto n'kutsekedwa kwa kanthaŵi, ambiri amadandaula kuti: "Akukonza msewu, nanga poimika galimoto palakwanji?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo lili ndi yankho.

Mdani wamkulu wa msewu wa m'munsi mwa phiri ndiye madzi. Kuyambira mwezi wa Novembala kufikira Epulo, mvula yogwa pamapiri aŵiriwo imatsika ndi liŵiro, itanyamula mchenga ndi miyala. Ngalande zikatsekeka, madzi amaloŵa kunsi kwa phula, nthaka n'kufeŵa, ndipo galimoto lolemera likapondapo pamabadwa dzenje. Namondwe wa Freddy, amene anagwa mu Malichi 2023, anaonetsa poyera mphamvu ya madzi pamene anakokolola misewu ndi milatho m'maboma a Chigawo cha Kummwera. Malo oimika galimoto nawo amaonongeka msanga, pakuti ali m'mphepete momwe mumadzera ngalande, ndipo magalimoto akatundu amagumula phula la m'mbali poloŵa ndi potuluka. Chotero kukonza pakati pokha n'kusiya m'mphepete ndiko kutaya ndalama.

Chifukwa chachiŵiri ndi kakonzedwe kake. Amisiri amayamba afukula podwalapo, nathira dothi ndi miyala yophwanya, nanyowetsa, kenaka n'kutsendera ndi makina olemera. Pamwamba pake amawazapo phula lamadzimadzi, limene liyenera kuuma lisanalandire phula lenileni. Galimoto likaima kapena kukhota pamalo osakhwima, matayala amapotokola phulalo. Mafuta a dizilo odontha pagalimoto loima nawo amasungunula phula. Kuima kwa mphindi zoŵerengeka kungathe kuononga ntchito ya masiku angapo.

Chachitatu, amisiri amasoŵa poika milu ya miyala, migolo ya phula ndi makina awo, ndipo malo athyathyathya apafupi ndi omwewo oimika galimoto. Apa pali nkhani ya moyo. Woyendetsa makina akulu saona bwino za kumbuyo kwake, ndipo phula lotentha limaotcha koopsa. Mwana wotsika m'basi kapena mayi wothamangira kukagulitsa nthochi pazenera angathe kuvulala m'kanthaŵi kochepa.

Ena amafunsanso chifukwa chake ntchitoyi imachitika m'chilimwe, pamene alendo ali ambiri ndipo malonda akuyenda. Phula siligwira pamiyala yonyowa, ndipo dothi lodzaza madzi silitsendereka. Nyengo yokomera alendo ndi yomweyonso yokomera amisiri. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Komabe kutseka malo otere kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi anthu wamba. Amayi ogulitsa zipatso ndi chimanga chootcha amataya ogula, anyamata a njinga za kabaza amasoŵa poyembekezera anthu, ndipo okalamba ndi odwala amayenda mtunda wotalikirapo. N'chifukwa chake okonza msewu ayenera kudziŵitsa mafumu ndi atsogoleri a pamsika nthaŵi isanakwane, kuika zikwangwani zooneka bwino, kusonyeza malo ena oimapo, ndi kutsegula malowo ntchito ikangotha. Anthu ali ndi ufulu wofunsa zimenezi, pakuti ndalama zake ndi zawo. Bungwe la Roads Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, limayang'anira misewu ikuluikulu, ndipo ndalama zambiri zosamalira misewu zimachokera ku msonkho wa pamafuta a galimoto, umene woyenda aliyense amaulipira kudzera m'mtengo wa ulendo.

Oyendetsa galimoto nawo ali ndi mbali yawo: kuchepetsa liŵiro, kumvera wonyamula mbendera yofiira, ndi kusachotsa migolo kapena miyala yotsekera. Makolo aletse ana kuseŵera pamilu ya mchenga, ndipo eni minda ya m'mphepete mwa msewu asatseke ngalande ndi mizere kapena zinyalala. Zikatero, malo otsekedwa m'chilimwe adzapirira mvula ya dzinja, ndipo amalonda adzabwerera pamalo olimba.