Chambo chathu chili ku London: kuphunzira zachilengedwe pa intaneti



Ku South Kensington, mumzinda wa London, kuli myuziyamu yotchedwa Natural History Museum. Inatsegulidwa mu 1881 ndipo imasunga zinthu pafupifupi 80 miliyoni: mafupa, tizilombo, zomera zouma, miyala ndi nsomba za m'mabotolo. Ambirife sitidzapondako. Koma zina mwa zimenezi anaziika pa intaneti kwaulere, ndipo foni yokhala ndi bandulo ikukwanira kuti munthu alowemo.

Ana aang'ono ayambe ndi kuyendera zipinda zake kudzera pa Google Arts & Culture. M'holo yaikulu muli mafupa a namgumi wotchedwa Hope, wotalika mamita 25, ngati mabasi awiri aakulu atandondozana. Anafera pagombe la Wexford ku Ireland mu 1891, ndipo mafupa ake anawapachika m'holomo mu 2017. Pa YouTube palinso mavidiyo a Nature Live, momwe akatswiri amafotokoza ntchito yawo ndi kuyankha mafunso. Tsamba la myuziyamuyi limaphunzitsanso zochita ndi manja, monga kuumitsa maluwa pakati pa mapepala ndi kukwirira kachitini m'nthaka kuti muone tizilombo toyenda usiku. Zimenezi agogo ndi adzukulu akhoza kuchitira limodzi kuseri kwa nyumba.

Chomwe ndikufuna a Fomu 3 ndi 4 asachiphonye ndi Data Portal, kaundula wa zinthu mamiliyoni angapo zosungidwa kumeneko. Lembanimo mawu oti Lake Nyasa, dzina lomwe lili pa zikalata zakale, muone zomwe zituluke. John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, anatenga nsomba m'nyanja yathu, ndipo mu 1864 Albert Günther anazifotokoza ndi kuzipatsa mayina a sayansi. Imodzi mwa izo ndi chambo chomwe lero chimatchedwa Oreochromis squamipinnis. Mu 1935 mayi Ethelwynn Trewavas a pa myuziyamu yomweyi anasanja mitundu ya nsomba za m'nyanjayi za banja la chambo, utaka ndi mbuna, ndipo mu 1939 anadzafika okha kudzachita kafukufuku. Asodzi athu ankazidziwa kalekale nsombazi ndi mayina awoawo. Chomwe katswiri amafunira nsomba yosungidwa n'choti akapeza ina yokayikitsa, amaiyerekeza ndi yoyamba ija: mamba angati, mano otani, zipsepse zotani. Ndi luso lomwelo la kusanja zamoyo lomwe mumafunsidwa pa mayeso a Biology a MSCE, ndipo labu yathu ilibe zoonetsera zokwanira.

Ndikudziwa nkhawa ya makolo ena, ndipo sindiibisa. Myuziyamuyi imafotokoza chiphunzitso cha Charles Darwin cha kusintha kwa zamoyo, kuphatikizapo za chiyambi cha munthu. Mutu umenewu ulinso m'silabasi, choncho mwana akumana nawo ndithu. Kuli bwino akumane nawo pali mphunzitsi, ndipo mafunso okhudza chikhulupiriro apite nawo kwa a Shehe, kusiyana n'kuti azilimbana nawo yekha usiku pa foni. Kuyang'anitsitsa zolengedwa za Allah si chinthu chachilendo kwa Msilamu. Ana a madrasa akudziwa kuti m'Qur'an yolemekezeka muli ma Surah otchedwa ndi mayina a njuchi, nyerere, kangaude ndi njovu.

Vuto lenileni ndi bandulo, poti mavidiyo amadya kwambiri, komanso zonse zili m'Chingerezi. Tikupempha komiti ya mzikiti itilole kugwiritsa ntchito holo Loweruka ikatha Swala ya Asr. Vidiyo imodzi ionetsedwe pakhoma kwa onse, a Fomu 4 azimasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo amayi akhale ndi mbali yawo. Tsiku loyamba, Insha Allah, tidzayamba ndi chambo. Amene angathe abwere nacho chimodzi chachiwisi kuti tidzawerenge mamba.