Khonde Lomwe Linauka kwa Akufa

Kumayambiriro kwa Okotobala, munthu ukadutsa pa nyumba ya mayi ena ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, unkangogwira pakamwa. Eni ake anali atapita ku Johannesburg kukathandiza mwana wawo amene anali atangochira kumene, ndipo maluwa a pakhonde anasiyira mnyamata wina wapafupi. Mnyamatayo ankathirira akakumbuka, ndipo akakumbuka ankakhuthula ndowa yathunthu pa duwa limene layandikira mpopi.

Tangoganizani mzere wa miphika pa simenti yotentha, mwezi umene kutentha kumafika madigiri 30 ngakhale kupitirira, mvula italeka kalekale mu Epulo. Rozi wa m'chidebe cha penti anali atayoyola masamba onse, kutsala minga yokhayokha. Tsabola wa kambuzi anali lende, masamba atapiringizika, kunsi kwake kutadzaza nsabwe. Lemongrass wa m'tayala anali mbuu, ukamukhudza nkumathetheka. Dothi linali gwa ngati njerwa yootcha, litachita kulekana ndi m'mbali mwa mphika, moti ukathira madzi ankangotsetsereka m'mphepete nkutulukira pansi, mizu osalawako ngakhale dontho. Koma chomvetsa chisoni kwambiri chinali aloe vera wa mumphika wokongola wa ku Dedza. Iyeyu ludzu analibe. Anali akumira: masamba achikasu, ofewa, tsinde likununkha chivundi.

Mayi aja atawona chithunzi pa WhatsApp, anaimbira mtsikana wa nyumba yoyandikana, amene anali atamaliza Fomu 4 ndipo ankangokhala pakhomo. "Mwana wanga, uzingowathirirako. Akafa si mlandu wako, afa kale amenewo." Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti, "Chabwino Mayi, ndiyesa."

Tsiku loyamba sanathire madzi paliponse. Anayamba wayenda mphika ndi mphika, akukanda khungwa ndi chikhadabo. Pamene mkati munaoneka mobiriwira, panali moyo. Pamene panali pouma mpaka kutsinde, anadula. Rozi anamudulira mpaka kutsala tinthambi tofika m'chikhato. Kenako miphika yonse anaikokera kumthunzi wa mtengo wa mango, kuti izilandira dzuwa la m'mawa lokha.

Miphika youma gwa ija anaikhazika m'beseni la madzi kwa theka la ola, kuti dothi limwe kuchokera pansi mpaka thovu litasiya kutuluka. Zidebe za pulasitiki zimene zinalibe mabowo anaziboola ndi msomali wowotcha pa mbaula. Aloe vera anamuzula, nadula mizu yonse yakuda yoterera, namusiya pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume, kenako namubzala m'dothi losakaniza ndi mchenga wakumtsinje. Pomwepo ndi pamene anapeza kuti bowo la mphika wa ku Dedza uja linali litatsekeka ndi matope. Nsabwe za pa tsabola anazitsuka madzulo ndi madzi a sopo wamtanda pang'ono, nabwerezanso patapita sabata. Agogo ake atamuuza kuti athire feteleza, iye anakana mofatsa, popeza mizu yovulala ikalandira feteleza imapsa. Manyowa owolerana bwino anadikira nawo mpaka mphukira zitaoneka.

Masabata awiri oyamba kunalibe choonetsa. Ana a m'mudadamo ankamuseka kuti akuthirira nkhuni. Iye m'mawa uliwonse ankapisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri: mukakhala mouma, athire, mukakhala monyowa, adutse. Ndiye m'mawa wina, pa kanthambi ka rozi panatuluka kadiso kofiira. Mawa lake tinayi. Lemongrass amene anamumeta mpala anayamba kubaya nsonga zobiriwira pakati pa ziputu. Mvula yoyamba itagwa chakumapeto kwa Novembala, zonse zinangoti phuu nthawi imodzi.

Bwerani tsopano mudzaone khondelo mu Disembala. Paja panali minga yokhayokha pali rozi wamasamba onyezimira, maluwa ofiira psuu, njuchi zikulimbirana. Tsabola uja anali lende lero wayima njo, atanyamula kambuzi wambiri moti nthambi zachita kumangiridwa ku kamtengo. Lemongrass wasefukira m'tayala, biriwiri, fungo lake likufika mpaka pageti. Aloe vera amene ankanunkha chivundi walimba masamba, ndipo m'mbali mwake mwatuluka tiana. Ngakhale zidebe za penti zasintha: zatsukidwa, zapakidwa laimu, zandandalikidwa zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Duwa limodzi lokha ndi limene linakanika kuuka. M'chidebe chakecho mtsikanayo anazikamo kanthambi ka geranium kopempha kwa anansi, ndipo nako kagwira.

Mayi aja anatsika galimoto yahayala masana, zikwama m'manja, nkuima chilili pageti. "Kodi ndalowa pakhomo polakwika? Iwe mwana, wachita kugula ena eti?"

"Ayi Mayi, ndi omwe aja."

Anayenda mphika ndi mphika akuwomba m'manja, akuitana anansi mmodzimmodzi kuti adzaone. Atafika pa aloe vera anachita kukhala pansi, poti anali atamulira kale ali ku Joni. Tsiku lomwelo kambuzi woyamba analowa mu ndiwo za nyumba ziwiri, ndipo tiana ta aloe vera tinagawidwa kwa amayi a m'mudadamo, kuphatikizapo a ana ankaseka aja.

Mnyamata uja ndi mtsikanayu ankatunga pa mpopi umodzi womwewo. Kusiyana kwake nkwakuti wina ankangokhuthula, wina ankayamba waona chimene duwa lililonse likusowa. Mnzanu akakusiyirani maluwa ake, musathamangire ndowa: yambani mwapisa chala m'dothi, mukande khungwa, ndipo musuzumire pansi pa mphika ngati bowo lili lotseguka.