Bungwe la Save the Children ndi Ana a Adani

Ana a sukulu ndi inu aphunzitsi, phunziro lathu lero ndi mbiri ya bungwe lochedwa Save the Children, ndiko kunena kuti kupulumutsa ana. Mvetsetsani makamaka za ana amene bungweli linayamba kuwathandiza, pakuti anali ana a maiko amene anthu a ku Britain anali kuwayesa adani.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha mu Novembala 1918, koma zombo za Britain ndi maiko ogwirizana naye zinapitirizabe kutseka njira za panyanja kuti katundu asafike ku Germany ndi Austria. Cakudya cinasowa kotheratu. Mu mzinda wa Vienna amai ambiri analibe mkaka woyamwitsa makanda, ndipo ana anali kufa ndi njala ngakhale kuti mfuti zinali zitaleka kulira.

Ku England kunali mai wina dzina lace Eglantyne Jebb, wobadwa mu 1876, amene kale anali mphunzitsi wa ana ang'ono-ang'ono. Iye ndi mng'ono wace Dorothy Buxton anayamba kuuza anthu za njalayi. Mu 1919 Jebb anagwidwa ndi apolisi ku London cifukwa cogawira anthu timapepala tokhala ndi cithunzi ca mwana woonda wa ku Austria popanda cilolezo ca boma. Bwalo la milandu linamulipiritsa mapaundi 5. Koma mlandu utatha, woimira boma yemweyo amene anamuzenga anapereka mapaundi 5 kuti athandize anawo.

Pa 19 Meyi 1919 alongo awiriwa anacititsa msonkhano waukulu mu nyumba ya Royal Albert Hall, ndipo bungwe linakhazikitsidwa. Ena anabwera ali okwiya, pakuti ana ao anali atafera ku nkhondo. Jebb sanagwedezeke. Mfundo yace inali yakuti mwana alibe mlandu pa nkhondo ya akulu-akulu. Makolo athu ananena zomwezo kale kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Pa kutha kwa caka cimeneco Papa Benedict XV anapempha mipingo ya Katolika kusonkha ndalama zothandiza ana a ku Ulaya.

Mu 1921 njala yoopsa inagwa ku Russia, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa boma la cikomyunizimu. Nyuzipepala ina ya ku London inadzudzula bungweli cifukwa cofuna kutumiza thandizo kumeneko. Ngakhale zinali tero, anchito ace anatsegula malo ophikira cakudya ku dera la Saratov, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, nadyetsa ana pafupifupi 300,000.

Tsono Jebb anaona kuti zopereka za cifundo zimacuruka tsoka likangogwa, koma zimacepa anthu akaiwala. Motero mu 1923 analemba mfundo zisanu za ufulu wa mwana. Mwa izo munali zakuti mwana wanjala adyetsedwe, wodwala acizidwe, wamasiye asungidwe, ndiponso kuti pa nthawi ya tsoka mwana akhale woyamba kulandira thandizo. Bungwe la maiko la League of Nations linazilandira ku Geneva mu 1924. Kuyambira pamenepo thandizo la mwana linayamba kuwerengedwa ngati mangawa amene anthu onse ayenera kulipira.

Jebb anamwalira ku Geneva mu 1928, koma nchito yace inapitirira. Bungwe la United Nations linakuza mfundo zija mu 1959, ndipo pa 20 Novembala 1989 linavomereza pangano la ufulu wa mwana limene limamanga maiko olisaina. Dziko lathu la Zambia linatsimikiza panganoli mu 1991, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inasonkhanitsa malamulo oteteza ana mu lamulo limodzi.

Pomaliza, kambiranani m'kalasi funso ili pamodzi ndi aphunzitsi anu: kodi pamudzi panu kapena m'komboni mwanu muli mwana amene anthu amamupewa cifukwa ca zimene makolo ace anacita? Ngati alipo, ndani ayenera kuyamba kumuthandiza, ndipo ayambe ndi ciani?